Ndinanyambita Sutikesi ya Amayi

Achemwali,

Akufuna kundilanda mwana. Apongozi anga anena kuti Loweruka m'mawa abwera ndi galimoto kudzatenga Kabatani kuti akakhale kwa iwo, ati chifukwa ine mutu wanga sukugwira. Lero ndi Lachiwiri. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chaimba, chatchula ndi tsiku lomwe.

Pepani ndayamba ndi zimenezi ndisanakupatseni moni. Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine m'thupi muli bwino, mtima ndi umene ukuthamanga. Foni yanga Kabatani anaiviika m'chidebe cha madzi, n'chifukwa chake ndalemba kalata n'kupatsira kondakitala wa basi. Bambo ake a Kabatani ali pa ulendo ndi lole, abwera pakatha masabata awiri, ndipo sakudziwa kanthu.

Ndikufotokozereni bwinobwino, kuti mukamva zoti ndapenga mudziwe misala yake.

Pa mdadada wathu wa zipinda pali mayi ena otsuka mbale ku hotela. Timawatcha Mayi Burashi chifukwa m'thumba la epuloni yawo simusowa burashi. Iwowa amabweretsa masaviyeti otsala, timapepala tofewa tija topukutira pakamwa, ta maluwa ndi mbalame, ndipo ndiwo anandiphunzitsa ntchito. Saviyeti imodzi imakhala ndi timapepala titatu tomatana. Umasenda mpaka patsale kapamwamba kokha ka maluwa, kopyapyala ngati khungu la anyezi. Sudula ndi sizasi, umang'amba ndi zala kuti m'mphepete musaoneke. Kenako umapaka guluu wosungunula ndi madzi pa botolo kapena pa chitini, n'kuyalapo kapepalako, n'kumasisita pang'onopang'ono. Ukapupuluma kamang'ambika. Ndinang'amba tambiri, ndipo Mayi Burashi ankandiseka kuti ndili ndi manja a wokumba dzenje.

Palinso penti yong'aluka. Umayamba ndi penti yakuda. Ikauma umapaka guluu wa matabwa wokhuthala. Guluu asanaume, akadali kumata chala, umadutsitsa penti yoyera kamodzi kokha, osabwereza. Ndiye umakhala pansi n'kumaonerera ikung'aluka yokha ngati matope a padzuwa. Pamwamba pake umapaka vanishi katatu kuti pasachoke kanthu. Anthu amazikonda, achemwali. Mayi a saluni anatenga mabotolo anayi, pano akufuna thireyi.

Mukukumbuka sutikesi yamalata ya malemu amayi, imene munandipatsa ndikubwera kuno? Inali itachita dzimbiri. Ndinaikwecha masiku atatu, ndinaipaka penti yong'aluka, pachivundikiro n'kumatapo maluwa ofiira ngati a pa nsalu ija ankaikonda. Ndimasungamo zovala za mwana, ndipo Kabatani amagwira pamenepo akamaphunzira kuimirira.

Sabata yatha anatentha thupi, n'kumalira akukoka khutu. Ndinathamanga naye kuchipatala. Anesi anamuyeza n'kunena kuti ndi khutu, anatipatsa mankhwala, analembanso m'buku lake. Za penti ndinawafunsa ndekha, ndinanyamula ndi chitini chomwe. Anawerenga pachitinipo n'kunena kuti si imene yamudwalitsa, bola ndizipentera panja mwana ali kutali. Ndimatero kale.

Lamlungu apongozi anabwera ndi alamu anga, aja aakazi ogwira ntchito mu ofesi. Atangolowa, maso anagwera pa sutikesi. Apongozi anati penti yonse yathetheka, ikumatuka, ndipo mdzukulu wawo akudya zimenezo. Ndinawauza kuti ming'aluyo ndi yadala. Alamu anaseka mpaka kugwirira chitseko, ati ndi munthu wanzeru uti amene amatenga penti yatsopano n'kuikalambitsa dala. Anawonjezera kuti anthu amandiona ndikutola mabotolo kuseri kwa golosale mwana ali kumbuyo, ndipo banja lawo likuchita manyazi.

Ndinawapatsa mpeni kuti apale okha. Alamu anapala, anapala, mpeni ukungoterereka pa vanishi, osachoka ngakhale kachibenthu. Ndinayesa nkhani yatha. Apongozi anati mpeni ndi wobuntha, ndipo chimene chimasungunula penti ndi malovu a mwana.

Apa ndiye ndinalakwitsa, ndikuvomera. Mtima unandiwira. Ndinagwada, n'kunyambita chivundikiro chonse kuchokera uku mpaka uko, kenako n'kutulutsa lilime kuti aone ngati layera. Ine ndimati ndikuwapatsa umboni. Koma chitseko chinali chotsegula, ndipo azimayi awiri ochapa pampopi anaona zonse. Alamu anangoti basi, palibenso chofunsa, mkazi wa mlongo wawo wayamba kunyambita masutikesi. Apongozi anatenga buku la kuchipatala la mwana n'kuliponya m'chikwama chawo, ati mwini wake adzalitsatira Loweruka.

Pano ndikadutsa pampopi ena amandifunsa ngati sutikesi inali ndi mchere wokwanira. Ndimawayankha kuti abwere adzalawe okha, khomo ndi lotsegula.

Ndikuopa, achemwali, sindikubisirani. Mwana akadali kuyamwa. Ndikangotuluka kukataya madzi amalira mpaka kubanika, nanga kwa apongozi adzamutonthoza ndi chiyani? Iwo ndi ambiri, ali ndi galimoto, amadziwa kulankhula ndi anthu a m'maofesi. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, ndipo ndikapsa mtima mawu amandithawa, n'kumachita zinthu ngati zija.

Koma mwana sindipereka. Pochoka apongozi anandiuza kuti ndikataya maburashi, zitini ndi sutikesi yomwe, mwina adzaganizanso. Sinditaya. Ndikataya ndiye kuti ndavomera kuti ndinamudwalitsa ndine, ndipo mawa akadzatsokomola adzapeza chinanso choti nditaye. Chifikireni m'tauni muno, ntchito imeneyi ndi chinthu choyamba chimene anthu anandiimitsira panjira kuti andiyamikire. Komanso sutikesi ya amayi siipita kudzala ine ndili moyo.

Dzulo ndinabwerera kuchipatala. Anesi aja anandikumbukira, anaseka pang'ono nkhani ya lilime, koma anandilembera kapepala kena kokhala ndi chidindo, konena kuti mwana anadwala khutu osati penti. Ndakabisa m'sutikesi momwemo, pansi pa matewera. Mayi Burashi apempha kuntchito kuti Loweruka asapite. Ati adzakhala pakhomo panga ndi burashi yawo yaikulu, ndipo wolowa mwamphamvu adzatuluka ali wong'aluka. Koma iwo ndi neba chabe, apongozi sangawamvere. Pakufunika munthu wa magazi anga, amene anandilera, wodziwa kuti mutu wanga ndi wabwino. Inu mumalankhula modekha, ndipo mukakwiya simunyambita kanthu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, amuna anuwo, ndi ana onse, komanso kwa azakhali. Azakhali musawauze za lilime, angazifikitse kutali.

Bwerani Lachisanu. Basi ya m'mawa imafika masana. Mukatsika pa siteji yomaliza, mudutse golosale, mutsate njira ya pampopi. Zitseko zonse ndi zofanana, koma simusochera. Apongozi anati ndibise zinthu zanga anthu asazione, ine ndaika ndowa ya maluwa, yong'aluka bwinobwino, pakhomo penipeni. Mukaiona gogodani. Chonde, achemwali, musadikire Loweruka, galimoto yawo imathamanga kuposa basi.

Ndine mng'ono wanu,
Amake a Kabatani