Dzino Langa Lathera pa Malangizo Anu

Achimwene,

Mwati pafoni ndine ndinayambitsa ndewu? Ayi, olakwa ndinu! Kaya mwadzuka bwanji ku Joniko? Kuno ku Kawale tonse tili bwino, kupatula kukamwa kwangaku.

Malangizo a pulogalamu ya pashopu munatisiyira aja amangoti munthu alowe mu buranchi yatsopano, nthambi ya pulogalamu yomwe mnzake wagwiriramo. Sanena kuti ayambe walemba git fetch kuti buranchiyo itsike kuchokera pa seva, kompyuta yapaintaneti yosungira ntchito yathu ija. Ndiye Madalitso, mnzanga wa ntchito uja, anagwirira kunyumba pa laputopu n'kutumiza zonse pa seva. Atafika pashopu, buranchi yake sinaoneke pakompyuta yapashopu, basi akuti ndafufuta dala. Ndisanayankhe, kiyibodi inali itatera kale pakamwa panga, mabatani n'kumwazika limodzi ndi dzino. Inenso ndinamuphwanyira mpando pamsana, magazi mpaka pa printa.

Tsopano abwana akufuna kutichotsa ntchito tonse awiri. Mzere wosowawo ndauwonjezera m'malangizomo, chonde uvomerezeni lero, muwaimbirenso foni abwanawo muwafotokozere. Mulungu akusungeni, koma fulumirani, chifukwa ndikutuluka abwanawo anandikuwira kuti:

"Mkulu wakoyo akapanda kuimba, muzikamenyanirana ku Mgona, kuno ayi!"