Kompyuta yatiletsa tchopa pa mlatho

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 67, kwathu ndi kwa Kaduya kuno ku Phalombe. Ntchito yanga inali yowotcherera zitsulo, koma pano maso anakana.

Napolo atadutsa mu 1991, kamtsinje ka kwathu kanatsala kopanda powolokera. Ine ndi mnzanga wa pamtima, malemu Howard, tinamanga mlatho wa anthu ndi njinga, mizati yachitsulo, matabwa pamwamba. Za mapulani a papepala tinalibe. Howard ankajambula ndi kamtengo padothi, ine n'kumagogoda chitsulo ndi hamala kuti ndimve kulira kwake. Tsiku lotsegulira tinauyesa mwachikwathu: tinavina tchopa pamwamba pake, ng'oma zikulira, amayi nthungululu. Howard anavina mpaka chipewa chake chinagwera m'madzi. Mlatho unangoti nji! Ndikakumbuka masiku amenewo, misozi imalengeza m'maso.

Mwezi wamawa mudzi wakonza mwambo wokumbukira Howard, ndipo tagwirizana kuvinanso tchopa pamlatho pomwepo. Vuto ndi mwana wanga Enelesi, yemwe ndi injiniya ku Blantyre. Atabwera anayeza mzati uliwonse n'kulowetsa manambala m'kompyuta yake. Akuti pulogalamu yakeyo imaduladula mlatho m'tizidutswa tambirimbiri n'kuwerengera mmene kalikonse kangagwedezekere kapena kupindikira. Kenako anandionetsa pakompyutapo mlatho wanga ukudzipotokola ngati njoka, mizati iwiri itafiira psuu.

"Ababa," anatero, "mizati iwiriyi yadyeka ndi dzimbiri. Komanso mapondedwe a tchopa akugwirizana ndi mmene mlathowu umagwedezekera pawokha. Anthu akamaponda pamodzi, upindika."

Zinandiwawa, Aphungu. Ndinaona ngati akutiseka ine ndi malemu. Ndinati, "Mlatho wanga sunavinepo chonchi. Kompyuta yakoyo nthawi ya Napolo inali kuti?"

Anangotseka kompyuta yake n'kukakwera kabaza. Ino ndi sabata yachitatu foni ili zii. Ovina ayamba kale kukonzekera, ndipo nkhaniyi sindinauze munthu. Nditani?

E.M., Phalombe

Bambo E.M.,

Ndiyambe ndi funso lanu lija. Nthawi ya Napolo kompyutayo kunalibe, n'zoona. Koma dzimbirinso kunalibe. Mlatho umene munavinapo ndi a Howard unali watsopano, wa lerowu wakalamba nanu limodzi. Mwavomera nokha kuti maso anu anakana ntchito. Nanga chitsulo chimene chakhala m'madzi zaka zoposa makumi atatu chilekerenji kutopa?

Njoka munaionayo sikunali kukusekani. Mapulogalamu oterewa amakuza dala kugwedezeka kwakung'ono kuti diso lione pamene pafooka. Ndipo kupindika kwa mzati sikuodira. Imikani bango pansi, mulikanikize ndi dzanja pamwamba. Limakhala chiimire ngati palibe kanthu, kenako mwadzidzidzi lapindika. Ndi zimene mwana wanu akuopa, anthu ali pamwamba.

Muimbireni Enelesi lero lomwe. Musayambe ndi za mlatho, yambani ndi "pepa mwanawe". Mumupemphe abwere, mutsikire naye kunsi kwa mlatho mutanyamula hamala yanu ija. Mugogode mizati iwiri inafiirayo, mugogodenso inzake, mufananize kulira kwake. Paja makutu sanakane ntchito. Sindikukayika kuti amene anaphunzitsa mwanayu kufunsa chitsulo ndinu, iye wangopeza hamala ya masiku ano.

Mumuuzenso zonse zimene mukukumbukira: mtundu wa zitsulo, kuzama kwa maenje, malo amene munalumikiza. Kompyuta imayankha malinga ndi zimene yauzidwa, ndipo wodziwa zam'kati mwa mlathowu mwatsala nokha. Mwana wanu akukufunani pa ntchitoyi kuposa mmene mukuganizira.

Za okonza mwambo, musadikire kuti mlatho uwauze. Pitani mukawafotokozere ndi pakamwa panu, chifukwa mawu a mmisiri amene anaumanga sangawatsutse. Dziwitsaninso a khonsolo, ndipo mufunse Enelesi ngati anthu angapitirize kuwolokapo mmodzimmodzi kufikira utakonzedwa. Tchopa muvinire pamtunda, mlatho ukuonerera nawo. Unavina kale mbali yake.

Koma ndikuchenjezeni, bambo. Manyazi asakutsekeni pakamwa. Tsiku lija chimene chinagwera m'madzi chinali chipewa, ndipo mpaka lero mumachikumbuka mokoma. Mukakhala chete, ulendo uno chipewa chikhoza kugwa ndi mwiniwake yemwe.

Aphungu