Chiudzudzu cha m'Ndowa ya Oiva

Lolemba, 12 Juni

Ndafika kumudzi cha m'ma 3 koloko. Msewu wochokera kumzinda wa Oulu, kumene ndimakhala, unali zii. Mapepala ogulitsira mitengo ali m'chikwama, pangotsala dzina la Oiva, popeza nkhalango ija malemu bambo anatisiyira tonse awiri.

Mlongo wangayu wakalamba kundiposa, chonsecho ndine ndinkamupukuta mamina. M'nyumba mukununkha bowa. Ndowa paliponse, m'khitchini, pakhonde, mpaka kuchipinda kwa malemu amayi. Iliyonse yodzaza ndi zibenthu za mtengo wowola, pamwamba yovundikira ndi nsalu. Nditayang'anitsitsa ndapeza kuti nsaluzo ndi makatani a amayi, aja a maluwa aja. Wawadula!

Akuweta mphutsi za ziudzudzu zake, zija zamiyendo italiitali zosaluma. Zaka makumi atatu akugawa makalata m'midzi muno, madzulo aliwonse ziudzudzu. Mkazi sanamupeze, ziudzudzu anazipeza.

Ndamufotokozera zonse mosabisa. Amuna anga a Tauno chiwagwireni sitiroko sanapondepo panja kuyambira mu Malichi. Nyumba yathu ili pansanjika yachitatu, chikepe palibe. Tikufuna nyumba yapansi, ndipo ndalama zake zichokera m'mitengoyo. Wamvetsera, kenako: "Sinikka, ndipatse masiku khumi. M'ndowa yobiriwirayo muli chinthu chili pafupi kutuluka. Chikakhala wamba, ndisaina tsiku lomwelo."

Ndati nanga chikakhala chosowa? Wati tikambirana.

Pothira khofi wathira theka patebulo. Wati ketulo ndi yopindika.

Lachiwiri, 13 Juni

Anandikakamiza kupita kunkhalango. Nsapato za mphira za amayi zinandikwana.

Ndinali nditaiwala mdima wa mmenemo. Mitengo yoti anthu awiri sangaikumbatire, ndere zikulendewera m'nthambi ngati ndevu, pansi pofewa ngati matiresi. Udzudzu weniweni unandidya khosi lonse. Oiva patsogolo, osayang'ana pansi n'komwe, mapazi akudziwa okha njira.

Pafupi ndi kasupe pali chipika cha mtengo wa haapa chimene chinagwa ife tili ana. M'kati mwa mphako yake mwasanduka dothi lakuda lonyowa. Anapisa dzanja, n'kutulutsa mphutsi yotuwa, yonenepa ngati chala changa chaching'ono. Anaisisita ngati mwana wamphaka.

Akuti mtundu umene akuuganizirawo suikira mazira paliponse ayi. Umafuna mtengo wamasamba umene unakula zaka zana, n'kuwola pang'onopang'ono pamthunzi, osauma ngakhale chilimwe chimodzi. Anauonapo kamodzi kokha, ali ndi zaka 29, utatera pachipika chomwechi. Anathamangira botolo, pobwera utapita.

Ndinati a Kemppainen a kukampani yamitengo alonjeza kusiya mitengo ingapo. Anaseka. "Asiya chipika, achotsa mthunzi. Zili ngati kukusiyira bedi atasasula denga."

Timaliboni tofiira ta a K. tamangidwa kale m'mitengo yoti idulidwe, kuzungulira kasupe yense. Oiva anadutsa pansi pa kena, kanamukhudza pachipumi, anadzidzimuka. Sanakaone.

Lachinayi, 15 Juni

A K. anabwera mmawa ndi mapu. Munthu wabwinobwino, wodya buledi wakuda ngati sanadye dzulo. Anamuseka Oiva kuti, "Bambo Oiva, anzanu amaweta nkhosa, inu mukuweta udzudzu. Mkaka wake mumagulitsa kuti?" Oiva anati, "Kwa anthu ofunsa mafunso ngati amenewo." Tinaseka tonse.

Kenako a K. anatambasula mapu, nati lozani pamene pali kasupe wanu. Oiva anawerama, anapendeketsa mutu ngati nkhuku, n'kuloza panyanja.

A K. anangoti chabwino, n'kupinda mapu. Abweranso Lachinayi likubwerali, 2 koloko. Akuti ngati mulidi kachilombo kosowa tinene msanga, pakhale umboni, chifukwa zikatero mbali yakale yonseyo angafunike kuichotsa pamapu. Mitengo yamtengo wapatali ili komweko.

Atapita ndinamufunsa Oiva. Anakana kawiri. Kachitatu anavomera. Pakati pa diso lililonse pali chibanga chotuwa, amaona m'mbali mokha. Zinayamba zaka ziwiri zapitazo, adokotala akuti sizibwerera. Galimoto anasiya kuyendetsa, ine n'kumaganiza kuti ndi umbombo wa mafuta. Makalata anga a Khirisimasi amamuwerengera ndi aneba.

"Ndiye chikatuluka uchizindikira bwanji?"

"Uli ndi maso iwe."

Ndinamukalipira chifukwa chondibisira. Ndinalira pang'ono potsuka makapu. Pamene ndimapukuta kapu yomaliza m'pamene ganizo lina linandibwerera, ndipo sindikufuna kulilemba.

Loweruka, 17 Juni

Sukulu. Wandikhazika pa makina ake agalasi okuzira tinthu, n'kumanditulutsira ziudzudzu zouma zobayidwa pa timapini. Mabokosi 41. Zolemba zake pa timapepala takale n'zokongola, za chaka chatha zikukwera phiri.

Chachimuna chili ndi tinyanga tonga chipeso. Kanyanga kalikonse kali ndi mfundo, mfundo iliyonse ili ndi tinthambi. Tikakhala titatu pamfundo, ndi chija chakuda chopezeka m'zitsa paliponse. Tikakhala tinayi, tiwiri tatitali tiwiri tatifupi, ndiye kwachema. Wandibwerezetsa ngati katekisimu. "Aphunzitsi opuma, kuwerenga mpaka folo kukukanikani?" Ndati ukapitiriza ndikuthira ndowa yako kumutu.

Kunena zoona, pagalasi paja ndi zinthu zokongola. Sindinamuuze.

Madzulo anakoleza sauna, kanyumba kathu kosambiramo nthunzi. Nditatuluka ndinaimba kunyumba. Mwana wathu Outi akuti bambo ake adya bwino. Anawapatsa foni. Mawu awo amatuluka movutikira, ndinamva kachitatu: akufunsa ngati hilla, kachipatso kakutchire kaja amakakonda, wachita maluwa kudambo. Ndinati wachita, dambo lonse layera. Kenako anati, "Ndimamva fungo la mvula pawindo."

Munthu amene ankayenda makilomita khumi kukathyola zipatso.

Lamulungu, 18 Juni

M'ndowa zii. Ndachapa makatani otsala.

Lachiwiri, 20 Juni

Pamwamba pa dothi la m'ndowa yobiriwira patulukira kachikwa kabulauni kaminga. Oiva anakakhudza ndi nsonga ya chala, kanagwedezeka. Akuti mawa kapena mkuja. Wakhala pampando pafupi ndi ndowayo tsiku lonse, khutu chakundowa, ngati chiuluka ndi belu.

Ganizo lija ndililembe basi, buku ili ndi langa. Iye sangaone. Ndikanena kuti titatu, ndi titatu.

Ndakhala ndikudziuza kuti ndi kachilombo chabe. Kamakhala ndi moyo sabata imodzi kapena ziwiri. A T. ndi munthu, ndakhala nawo zaka 44. Ndani angandiweruze? Komanso mwina chituluka chili wamba, ine n'kukhala nditadzizunza pachabe.

Oiva wandifunsa chifukwa chake sindikudya. Ndati udzudzu wandilanda chilakolako.

Lachitatu, 21 Juni

Chatuluka cha m'ma 10 mmawa. Ndinachipeza chitakangamira kukatani wa amayi, mapiko akuuma. Chachikulu, chakuda chonyezimira ngati nsapato yopolishidwa, m'mbali mwa mimba madontho achikasu. Chachimuna.

Botolo ndinagwira ndine. Tinachiika mufiriji kwa kanthawi kuti chifooke, kenako pansi pa galasi.

Ndinawerenga mfundo yoyamba. Yachiwiri. Yachitatu. Ndinasuntha n'kuwerenga kanyanga kenako. Tinayi. Tiwiri tatitali, tiwiri tatifupi. Ngakhale mwana wa sitandade wani sakanaphonya.

Iye anali ataima kumbuyo kwanga, ndikumva mpweya wake pakhutu. "Nanga?"

Ndinati, "Titatu."

Anafunsa, "Wawerenga bwino?" Ndinati ndawerenga kawiri. Anati, "Aa, chabwino. N'chija chakuda chija." Anaseka pang'ono, nati zaka zonsezi mwina tsiku lija anangoona zimene ankafuna kuona.

Anaitanitsa yekha mapepala. Ndinamugwira chala n'kuchiika pamzere. Anasaina malo atatu, dzina likutsetsereka. Atamaliza anati botolo ndiliike pozizira, mawa mmawa ndikachitulutse pachipika chake, iye zawamba sapha. Anati iye sapita nawo.

Masana onse anali panja akukhuthula ndowa zina kuseri kwa nkhokwe ya nkhuni, imodziimodzi. Ndinamuyang'ana pawindo. Akatha kukhuthula, katani aliyense ankamukutumula n'kumupinda bwinobwino.

Ndaimbira Outi kuti zatheka. Anakuwa ndi chimwemwe. Ine msuzi wanga wa nsomba ndaubweza mumphika.

Lachinayi, 22 Juni

Ndinanyamuka 7 koloko ndi botolo m'thumba la jekete. Ndinasochera kawiri, anandilondolera ndi timaliboni ta a K.

Pachipika ndinakhala pansi. Panali pozizira, kasupe akungolira pansi pa ndere. Ndinatulutsa botolo. Chinali chitatsitsimuka, chikukwera galasi n'kumagwa, kukwera n'kumagwa. Ndikanangotsegula, nkhani yonse ikanathera pomwepo, popanda wodziwa. Ndinagwira chivindikiro nthawi yaitali ndithu. Chimene chinandiletsa si nkhalango ayi, ndisadzinamize. Ndi mawu aja oti mwina anangoona zimene ankafuna kuona. Maso amuthera kale, ine ndamulandanso chimene anaona maso ali bwino.

Ndinabwerera nalo.

Ndinamupeza pakhitchini akusenda mbatata mopapasa. Ndinaika botolo patebulo mwamphamvu kuti amve.

"Tinayi, Oiva. Tiwiri tatitali, tiwiri tatifupi. Ndinakunamiza."

Mpeni unaima. Sanatembenuke. Ndinayembekeza kuti akalipa, bola akanakalipa. Anangoti, "Kanyanga konse?" Ndinati tonse tiwiri, mfundo iliyonse. "Pamimba?" Ndinati madontho achikasu.

Anakhala pansi, mbatata ili m'manja. Anati, "Ndasaina kale. Mapepala ali m'chikwama mwako. A Tauno ayenera kutuluka panja, zimenezo sindikutsutsa."

Ndinawatulutsa n'kuwaika m'mbaula. Anamva chitseko cha mbaula, anati, "Chitsiru iwe." Ndinati tinabadwa mimba imodzi.

Tinakangana mpaka khofi anazizira, kenako tinagwirizana. Tigulitsa paini wa kumtunda yekha, uja anabzala bambo. Zakukasupe zikhale. Sizikwana kugula nyumba, tichita lendi yapansi, kaya kunja kwa tauni. Outi akhumudwa, ndipo a T. ndiyenera kuwauza ndekha zimene ndinachita, zonse. Ndamuuzanso Oiva kuti nyengo yachisanu ikubwerayi sakhala yekha muno. Wati tiona. Ndati iwe ndiye suona. Anaseka mpaka kutsokomola.

A K. anafika 2 koloko, tinawafotokozera. Anakanda mutu, anajambula botolo ndi foni, nati abwera ndi mapu ena chikondwerero cha pakati pa chilimwe chikatha, ndipo timaliboni akachotsa okha. Buledi anadyabe.

Galimoto yawo itachoka, Oiva anakokera mpando pafupi ndi makina aja, n'kugogoda mpando winawo kuti ndikhale. Ndinafunsa ngati tichibaye papini. Anati chithunzi chikwana, madzulo tikachisiye kwawo tonse awiri. Kenako anatsinzina.

"Tsopano undiuze mmene chikuonekera. Usathamange. Yambira kumutu."

Ndinayambira kumutu.