Musawauze Achemwali Lisanathe Lamlungu

Okondedwa Azakhali,

Muli bwanji kutaliko? Ife kuno tiliko choncho.

Munawaona achemwali dzulo pampikisano wa ragibi ya atsikana wa mayiko uja? Ayi ndithu, amathamanga! Ife tinaonera kuchipatala, nditawagwirira bambo foni pafupi ndi nkhope. Achemwali atazemba anthu atatu n'kukagwetsa mpira kuseri kwa mzere, bambo anauza anesi kuti, "Ameneyo ndi wanga! Miyendoyo anatengera ine!" Wodi yonse inaseka.

Paja chigawo chimodzi ndi mphindi zisanu ndi ziwiri basi. Chachiwiricho ndinaonera ndekha pakhonde, madokotala atatseka katani.

Inu muli pafupi ndi achemwali. Akafunsa za bambo, muziti akugona. Amalize kaye masewero Lamlungu, chonde. Za maliro amayi akuimbirani.

Ndine,
Mzime wa achimwene anu