Kanyanga ka Fodya m'Khutu la Atate

Mlangeni,
Ntcheu.
9 Okutobala, 2016.

Okondedwa alongo anga a Nangozo,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana mukudzuka bwino ku Joni kumeneko. Kuno tilipo, ngakhale pakhomo pazizira. Atate tinawaika mwaulemu monga ndinakuuzirani pa lamya, ndipo amene anabwera kudzatikhalira anabalalika. Tatsala ine ndi azakhali a Dailes, ndipo posachedwa ndibwerera kuchipatala kukayamba ntchito.

Ndalemba pa pepala chifukwa cha uthenga wanu uja. Mutaona chithunzi cha atate ali m'bokosi, kanyanga ka fodya kali m'khutu lawo lamanzere, munandithokoza kuti ndinawapatsa chimene ankafuna. Sindinakuyankheni. Kuthokozako sindingakulandire musanamve mmene kanyangako kanalowera. Zina mukuzidziwa, koma ndiloleni ndiyambire pachiyambi kuti mundiweruze mutaona zonse.

Atate anabooledwa makutu ali mbusa wa ng'ombe, monga ankachitira Angoni a masiku amenewo, ndipo mabowo anakulitsidwa kufikira mutakwana kanyanga kosungiramo fodya wa m'mphuno ka agogo athu aamuna, konenepa ngati chala cha mkombaphala. Kumigodi kapitawo anawalamula kukavula chifukwa kankakola lamba wa chisoti. Atabwerera kuno n'kukhala mkulu wa mpingo, sanakavalenso. Bowo losiyidwa limabwerera lokha. Pofika chaka chino munkangolowa udzu umodzi wofolerera nyumba.

Shuga itawafika ku impso, iwo n'kumva okha m'thupi kuti ulendo wayandikira, anandiitana pakhonde, kanyangako kali m'manja.

"Cedric," anatero, "kumene ndikupitaku akandidziwa ndi chiyani? Chingoni ndinaiwala, ng'ombe ndilibe. Atate anga akakandigwira khutu akapeza losalala ngati la mlendo."

Ndinawakumbutsa kuti iwo ndi mkulu wa mpingo.

"Yesu amandidziwa kale, iwe. Ndikunena za atate anga."

Ndinavomera kuwathandiza, koma ndinawauza kuti zichitika mwa njira yanga. Khutu silikulitsidwa ndi mphamvu. Mnofu umafunika kuupatsa mpata woti uphuke wina watsopano mozungulira bowo, ndipo mpatawo ndi wa milungu yambiri pa kachidutswa kalikonse. Ndinagula ku Lilongwe timapaipi tosalala tosiyana kukula, kalikonse koposa kanzake pang'ono kwambiri. Ndinkatiwiritsa, n'kusambitsa khutu ndi madzi ofunda amchere, kulisisita ndi mafuta a nsatsi, kenako n'kulowetsa kapaipi kamene kankalowa kosakankha. Ndinawafotokozera kuti likapweteka, likatupa kapena likatuluka magazi, timabwerera ku kocheperapo. Ndinawauzanso mosabisa kuti kwa munthu wa shuga kabala kakang'ono si kakang'ono, chifukwa kamachedwa kupola ndipo kangalowetse matenda m'magazi. Azakhali ndinawaphunzitsa kasambitsidwe kake, popeza ine ndinkangobwera kumapeto kwa sabata.

Miyezi yoyamba zinayenda. Atate ankadzuka msanga, kukhala padzuwa, n'kupereka khutu ngati mwana womvera. Ankaseka n'kuwauza azakhali kuti, "Dailes, usisite bwino, limeneli ndi pasipoti yanga." Sindinawaonepo osangalala chotero chimwalirireni amayi.

Koma khutu linkakula pa liwiro lake, impso zinkafa pa liwiro lawo, ndipo iwo ankaona bwino lomwe chimene chinali patsogolo. Nyengo yozizira itafika miyendo inatupa, chakudya chinayamba kuwakana, pamene bowo linali lisanafike ndi theka lomwe. Tsiku lina azakhali atapita ku Lizulu kukagula mbatata, atate anadula bango kuseri kwa nyumba, n'kulisongola ndi mpeni wawo, n'kulikankhira m'khutu lamanja. Mnofu unang'ambika mpaka kunsi. Azakhali anawapeza atakhala pansi, malaya ali magazi okhaokha, kanyanga kali pambali.

Ndinafika madzulo a tsiku lomwelo. Bala linatukusira, linayamba mafinya, thupi linatentha, ndipo tinalimbana nalo pafupifupi mwezi. Linapola, koma khutulo linatsala mbali ziwiri zolendewera, lopanda ndi bowo lomwe. Ndiye chifukwa chake chithunzi chija ndinachijambulira kumanzere. Simunadziwe za ngoziyi chifukwa anandiletsa kukuuzani.

Atachira anandiitananso. Tsopano sankaseka.

"Latsala limodzi," anatero. "Iwe uli ndi kampeni ka kuchipatala, ulinso ndi jekeseni yochititsa dzanzi. Ucheke pang'ono, kalowe, ndikamve kulemera kwake."

Ndinati, "Atate, mwaona chimene bala lija lakuchitani. Lina lotere likhoza kukutengani mwezi uno."

"Nanga ndikapita mwezi wamawa, ndiye kuti wapindula chiyani?"

"Ndapindula mwezi umodzi muli nafe."

"Mwezi wa ndani? Khutuli ndi langa kapena ndi la boma?"

Azakhali analowererapo ali pakhomo: "Achimwene, mwanayu anaphunzira, mumvereni."

"Anaphunzira kusunga khutu," anayankha atate. "Munthu mwini khutu sakumuona."

Ndinakana, alongo anga. Ndinakana tsiku limenelo, ndipo ndinakananso nthawi zonse zimene anabwereza. Tinapitiriza ndi timapaipi m'khutu lamanzere. Ankaperekabe khutu, koma ankayang'ana kumbali, ndipo za pasipoti sanazitchulenso.

M'sabata yawo yomaliza maso anachita chidima, manja analefuka. M'mawa wa tsiku limene anatisiya ndinawasambitsa khutu monga mwa masiku onse, ndipo nditabwezeramo kapaipi anatukula dzanja movutikira, n'kupapasa pamenepo.

"Kalowa?" anafunsa.

Ndikanatha kunena kuti inde. Zala zawo sizinkasiyanitsanso nyanga ndi kapaipi, ndipo panalibe wina m'chipindamo. Koma sindinawanamizepo chilichonse pa matenda awo onse, ndipo pakamwa panga panatuluka zimene panazolowera.

"Katsala pang'ono, atate."

Anatsitsa dzanja. Sanayankhulenso ndi ine kapena ndi wina aliyense, ndipo dzuwa litapendeka anapita.

Adzukulu atabwera kudzasambitsa thupi, azakhali anawapatsa kanyanga kuti akawaveke. Patapita nthawi a Fanizo, mkulu wa adzukuluwo, anatuluka n'kundikodola. Mukudziwa pakamwa pawo, ngakhale pa maliro.

"Adokotala, nkhalamba yanuyi yakana katundu wake. Tikakankha, khutuli ling'ambika ngati linzakelo, ndiye akafika kwawo ngati mbuzi yolumidwa ndi galu. Titani, timumangirire kanyangaka m'khosi?"

Ndinawapempha kuti andisiye ndekha m'chipindamo. Anadandaula kuti mwana salowa pamene bambo wake akusambitsidwa, koma anandilola. Ndinatenga kampeni kamene ndinawakaniza kaja, ndipo ndinacheka bowo cham'mwamba, kumene mnofu ndi wochindikala, kuti lisang'ambike. Sipanatuluke magazi. Kanyanga kanalowa n'kukhala bwino lomwe, n'kubisa pochekapo. Ntchito imene tinaivutikira kuyambira nthawi ya dzinja inatha a Fanizo asanamalize kupichira fodya wawo panja.

Atalowa anayang'ana, n'kunena kuti, "Basi? Zinali zomwezi?"

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuiyeza nkhaniyi mbali zonse, ndipo ndikupatsani zimene ndapeza. Kunena za mankhwala, sindinalakwe. Munthu wa shuga amene impso zake zafooka sachekedwa popanda chifukwa chopulumutsa moyo, ndipo mnzanga aliyense wa ntchito akanakana monga ndinakanira ine. Njira ya pang'onopang'ono ndi yokhayo yosaononga khutu, ndipo wina akadzandifunsa ndidzamuphunzitsa yomweyo. Koma njirayo inapangidwira munthu amene ali ndi nthawi, ndipo ine ndinkadziwa, kuposa aliyense pakhomo pano, kuti atate analibe. Ndinkaona zotsatira za magazi awo. Ndinkadziwa kuti sitifika, komabe m'mawa uliwonse umene ndinalipo ndinkawiritsa madzi ngati kuti tifika. Milungu imene ndinawasungira anaikhala akuyang'ana kumbali. Ngati ndinawasungira iwo kapena ndinadzisungira ndekha, sindikutha kusiyanitsa, ndipo sindikufuna kuti mundisiyanitsire mwachangu pofuna kunditonthoza.

Chimene ankapempha sichinali kuoneka bwino m'bokosi. Anati akamve kulemera kwake. Chimenecho sanachimve.

Ndikupemphani ziwiri. Choyamba, azakhali akukhulupirira kuti khutu linalola lokha pomaliza, ndipo amauza anthu kuti mchimwene wawo analandiridwa. A Fanizo sanaulule. Musawachotsere zimenezo, akalamba, ndipo ndi iwo amene ankasisita khutulo tsiku ndi tsiku. Ndikudziwa kuti ndikuwachitira iwo chimene ndinalephera kuwachitira atate. Chachiwiri, mukadzabwera pa Khirisimasi tidzapite kumanda awiri, inu ndi ine. Ndekha ndimafika pa mtengo wa m'mphepete uja n'kubwerera.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwathokoze chifukwa cha thandizo la pa maliro. Moni kwa Yankho ndi Chiso. Munandiuza kuti Chiso, ataona chithunzicho, wakhala akuvuta kuti akufuna makutu ngati a agogo ake. Musamukalipire. Ngati akadzakula adzafunabe, mudzamutumize kwa ine. Timapaipi tonse ndawiritsa n'kutisunga, ndi tija sitinafikepo tomwe. Iye nthawi ali nayo.

Azakhali akuti moni, akutinso muwatumizire mafuta a miyendo aja. Mbatata za kumunda kwa atate zakhwima, ndipo palibe amene wanena kuti tikumbe.

Ndine mlongo wanu,
Cedric Ngozo.