Kutuluka Kangati Pakhomo

Chimwankhunda, Blantyre

Okondedwa Achimwene a Bonface,

Muli bwanji kumeneko ku Nsanje? Nanga alamu ndi ana? Ine kuno ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona.

Mwezi wa Meyi kunabwera mtsikana wina dzina lake Sumayyah, wochokera ku bungwe lothandiza anthu olumala. Anati akufuna kuyesa minibasi yokwereka ndi njinga yanga ya olumalayi, koma ayamba afufuza dera limene anthu akuvutika kwambiri. Anandifunsa za mayendedwe, za kutchalitchi, za macheza ndi anzanga.

Mukudziwa mmene mayi anatilerera, kuti mlendo sumudandaulira. Funso lililonse ndinkangoti zili bwino. A Dalton, oyandikana nane oyendera ndodo aja, nawonso anayankha chimodzimodzi.

Patapita masabata atatu Sumayyah anabweranso. Anati malinga ndi mapepala ake, olumala a ku Chimwankhunda ndife osangalala kuposa onse mu Blantyre, choncho minibasiyo ipita kwina. Ndinaseka, kenako misozi inangotsika yokha.

Iye sanandikalipire. Anangosintha funso, n'kuti ndiwerenge kuti ndatuluka kangati pakhomo pano chichitikireni ngozi ija. Achimwene, pa zaka ziwiri ndatuluka kanayi, ndipo katatu kanali ka kuchipatala.

Apa ndiye ndikuulula. Maliro a azakhali aja sindinalephere chifukwa cha malungo, ndinakunamizani. Ndinakhala pasiteji kuyambira m'mawa mpaka masana, makondakitala akaona njinga amayang'ana kumbali. Ndinabwerera kunyumba ndi manyazi. Ndikhululukireni.

Tsiku lomwe Sumayyah anabweranso lija ndinatuma a Dalton kukaitana anzathu asanu ndi mmodzi. Tinayankhanso mafunso onse, popanda ulemu wonama uja. Paja mwana wosalira amafera pamsana.

Loweruka lapitali minibasiyo inaima pasiteji yathu. Kondakitala anatsitsa chitsulo chokwerera, ine n'kulowa ndekha osanyamulidwa ngati thumba la chimanga. Pa Ginnery Corner ndinkangomwetulira ngati wopenga. Ku Limbe ndinasankha ndekha chitenje cha ukwati wa mwana wanu Ellen, nditakana zitatu. Akuti minibasiyi ndi yoyesera chabe mpaka Disembala, koma ife tizikwera mpaka atizolowere.

Pempho langa ndi limodzi. Mukandiimbira foni, musamakhutire ndikati ndili bwino. Muzindifunsa kuti sabata ino ndatuluka kangati.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Ambuye akusungeni. Ellen mumuuze kuti andisungire malo kutsogolo, mpando ndibwera ndi wanga.

Ndine mlongo wanu,
Gertrude