Rozita sali m'gulu la aafupi

Okondedwa Mana Luiza,

Landirani moni wochokera kuno ku Zobue. Tonse tili bwino, mayi nawo mwendo wasiya kuwavuta. Kaya inu ndi alamu ku Beira?

Pa tsiku la ufulu ana a sukulu anaguba mumsewu waukulu, onse atavala mofanana. Ndinatenga telefoni munatumiza ija kuti ndikujambulireni Rozita wanu. Ndinathamangira kutsogolo, kumene amaika aafupi, n'kujambula kamtsikana kena mpaka kukhuta. Rozita ataona zithunzizo anandiseka ine mayi wake wamng'ono. "Titiya, uyu ndi Marita! Ine ndinali kumbuyo, kwa aatali."

Nditamuimika pafupi nane, ndinapeza kuti wandipitirira msinkhu. Kodi mwana amakula nthawi yanji, tikudyera naye mbale imodzi? Tsopano ndiziyamba ndayang'anitsitsa ndisanajambule.

Mubwere pa Khirisimasi mudzadziyeze naye nokha. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Selina